Mchere wa ku Bangkok

Bangkok, Thailand
17 Epulo 1984

Okondedwa amake Petulo,

Moni wochuluka. Muli bwanji inu ndi mwana wathu? Nanga apongozi ndi amalume a Willard? Ine ndili bwino, vuto ndi thukuta basi. Mukamati ku Mangochi n'kotentha simunaone kanthu. Kuno munthu umasamba, pomavala malaya wanyowanso.

Sukulu ya za nsomba imene boma linanditumizako ili kunja kwa mzinda, koma sabata ino atipatsa tchuthi chifukwa eni dziko akukondwerera chaka chawo chatsopano, ndiye atibweretsa mu Bangkok muno. Chaka chatsopano mu Epulo! Chikondwerero chake ndi kuthirana madzi pamsewu. Ine ndinatuluka nditatchena suti yanga ya ukwati ija, kamwana kena n'kundikhuthulira ndowa yonse kumutu, makolo ake akuseka. Kukanakhala kwathu ukanakhala mlandu.

Amene amatiperekeza ndi mayi wina dzina lake Suni, womasulira wa pasukulu pathu. Popanda iye bwenzi titasochera tsiku loyamba lomwelo, chifukwa zilembo za kuno zimangooneka ngati mbedza zokoleka pachingwe. Dzulo anatitengera ku akachisi a Abuda, ndicho chipembedzo cha anthu a kuno. Doris, ndikanakonda mukanaona nokha. Madenga ake ndi osongoka, opaka golide, dzuwa likawomba maso amachita kuwawa. Pakhomo umavula nsapato ngati kumzikiti. M'kachisi wina muli fano la Buda atagona chammbali, mutu atatsamira dzanja, kutalika kwake kuposa tchalitchi chathu cha pa Nkope, mapazi okha kundipitirira ine msinkhu. Anthu amagwada, kuyatsa lubani ndi kuika maluwa. Ine sindinagwade, muwauze apongozi asade nkhawa. Ndinangoima kumbuyo chipewa chili m'manja. Koma wansembe wawo wina, wometa mpala, wofunda nsalu ya mtundu wa papaya lakupsa, anandikodola n'kundimanga kaulusi koyera padzanja. Suni akuti ndi mafuno abwino kwa mlendo, kukana n'chipongwe. Mukaona pachithunzi ndaikamochi, ndipo amene waima pambali pangayo ndi Suni yemweyo.

Za chakudya ndiyambire pati? Mpunga m'mawa, mpunga masana, mpunga madzulo. Tsabola wake, kambuzi wathu uja ndi mwana. Tinadyera pamsewu m'mbali mwa mtsinje, nsomba yophika m'madzi a kokonati ndi masamba onunkhira ngati mandimu. Ndinatuluka misozi anthu akuona, koma mbale ndinainyambita. Amagulitsanso ziwala zokazinga, ndipo pamenepo ndinawaonetsa kuti kwathunso timadziwa kudya. Chodabwitsa n'chakuti mchere sathira. Amatenga tinsomba tonga usipa n'kutitsekera mumtsuko miyezimiyezi mpaka tisungunuke, madzi akewo ndiwo mchere wawo. Fungo lake ndi la pathandala nsomba zikavumbwa ndi mvula. Ine ndinkakana, koma Suni anangotenga botolo n'kundithirira yekha m'mbale, ndipo kunena zoona zinakoma.

Ndilembereni za Petulo. Ndinamusiya ali ndi milungu isanu yokha, ndipo zimandiwawa kuti ndege inanyamuka tisanamutenge mwanayo monga mwa mwambo. Seputembala akuoneka kutali.

Ndine mwamuna wanu,
Ellard

Nkope, Mangochi
8 Meyi 1984

Okondedwa bambo a Petulo,

Moni. Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndipo mukudya. Kalata yanu inafika dzana, yomatidwa kawiri, kuonetsa kuti ena anaitsegula panjira, kaya anayamba kuseka nkhani ya suti ndani. Ine sindinaseke kwambiri, chifukwa kuno sikuli bwino.

Petulo akudwala. Anayamba ndi kutentha thupi ndi kachifuwa sabata ya Pasaka itangotha. Ndinkati ndi mphepo ya kunyanja, koma tsopano mapazi atupa, masaya atupa, ndipo akamayamwa amalekera panjira n'kumapuma mothamanga. Ine mtima uli m'mwamba, tulo ndinaiwala.

Kalata yanu ndinawerenga pakhonde mayi anga ali pomwepo, poti mumawapatsa moni. Ndikanadziwa ndikanadumpha mizere ina. Nditafika pamene Suni uja anakuthirirani mchere wawo m'mbale, mayi anati, "Bwereza pamenepo." Ndinabwereza. Anatenga chithunzi, kuchiyang'ana nthawi yaitali, kuloza kaulusi kali padzanja panu, kuloza mayiyo, kenako anakatenga mwana n'kumudina phazi ndi chala. Pamene anadinapo panatsala dzenje. Anangoti, "Ili ndi tsempho," n'kulowa m'nyumba.

Mwambo mukuudziwa, sindikuphunzitsani. Mwana amene bambo ndi mayi ake sanamutenge pamphasa ndi wosakhwima, ndipo bambo akayenda ndi mkazi wina, ngakhale kutsidya kwa nyanja zingati, mwanayo amatupa. Ndinawauza mayi kuti kuno kuli malungo, ndipite naye kuchipatala. Anandigwira mkono. Akuti mwana wa tsempho akangobayidwa jakisoni safika madzulo, ndipo anandikumbutsa mwana wa a Lusiya amene anapita naye ali moyo n'kubwera naye pamsana ali chete. Ndinaona maliro amenewo ndi maso anga. Ndiye ndili pakati, kuchipatala ndikuopa, kukhala ndikuopa.

Bambo a Petulo, Suni ndani? Ali ndi mwamuna? N'chifukwa chiyani waima moyandikira chonchija? Sindikukuimbani mlandu, ndikungofunsa. Mundiyankhe msanga, ndipo mundiuze chochita.

Ndine mkazi wanu,
Doris

Bangkok
11 Meyi 1984

Amake Petulo,

Moni kwa nonse. Kodi ku Nkope mapepala anatha? Tsiku lililonse ndimapita kwa wogawa makalata, mpaka wayamba kundipukusira mutu ndisanatsegule pakamwa. Anzanga a ku Kenya alandira kawiri.

Loweruka tinabwereranso mumzinda. Tinakwera bwato la injini kuwoloka mtsinje kupita ku kachisi wina wamtali ngati phiri, wokongoletsedwa ndi tizidutswa ta mbale zadothi zosweka. Apongozi akanaona akanasiya kulira mbale zawo zikasweka. Makwerero ake ndi oimirira, pokwera ndinali mwamuna, potsika ndinachita kukhala pansi. M'mamawa ansembe aja amayenda opanda nsapato atanyamula mbale, anthu n'kumawaikiramo mpunga, ndipo othokoza ndi opatsawo, osati olandira. Ndaliganizira kwambiri khalidwe limeneli.

Madzulo Suni anatiitanira kunyumba kwake. Anatiphikira nkhanu, nsomba yootcha m'masamba a nthochi, ndi mpunga wina womata umene amadyera mango. Mango ndi mpunga, Doris! Ndinadya mpaka kumasula lamba. Anandipatsanso chipatso china chaminga chimene fungo lake amachiletsa m'basi. Chimenecho ndiye chinandigonjetsa.

Ndagula nsalu yanu yobiriwira ndi kachipewa ka Petulo. Ndilembereni, ngakhale mizere iwiri.

Wanu,
Ellard

Bangkok
28 Meyi 1984

Doris,

Kalata yanu ya pa 8 ndailandira lero, ndipo ndikulemba ndisanakhale pansi. Ndikakumbukira zopusa ndinalemba m'kalata yachiwiri ija mwana akudwala, ndikuchita manyazi.

Pitani naye kuchipatala lero lomwe mwalandira kalata ino. Musadikire mawa, musadikire munthu. Ngati pa Nkope anena kuti sangathe, kwerani chilichonse choyenda mupite kuboma. Jakisoni sapha mwana. Mwana wa a Lusiya anapita naye mochedwa, inunso mukudziwa.

Za Suni, ndi mayi wa zidzukulu zitatu, wamkulu kuposa apongozi. Anthu a kuno nkhope sizikalamba msanga, ndipo pachithunzi anavala chipewa. Kunyumba kwake tinapita anthu asanu ndi mmodzi, mwamuna wake ali pomwepo. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, chichokereni kwathu sindinakhudze mkazi. Kaulusi kaja ndadula.

Ndinapempha kuti ndibwerere, koma akuti tikiti ndi ya boma, ndipo wothawa maphunziro a boma akafika kwathu amakafotokoza kumalo kumene inu ndi ine sitifuna kukutchula. Ndayesa foni ku ofesi kawiri, siikulowa. Ndilibe china koma pepala ili. Chonde, pitani naye.

Ellard

Nkope
3 Juni 1984

Akamwini,

Ndine Willard, malume wa mkazi wanu. Moni tikupatsani, koma moyo kuno ndi wochepa. Mwana wanu watupa mpaka m'manja, kulira kwake kwasanduka kwa kamphaka.

Kalata yanu ya pa 11 Meyi tailandira. Ife tikuchezera mwana, inu mukumasula lamba kunyumba kwa mkazi. Mwatiuza nokha, palibe anakukakamizani. Poyamba anakuthirirani mchere, kenako anakumangani ulusi, tsopano mwalowa m'nyumba mwake madzulo. Ine ndakalamba ndi ukonde m'manja, ndimadziwa nsomba ikamazungulira nyambo. Mapanga awiri avumbwitsa, akamwini, koma apa wovumbwa ndi mwana.

Ine ndine mkulu mumpingo, mumandiona Lamulungu lililonse, koma mwambo wa makolo sindinautaye m'nyanja. Anzathu Achiyao amati ndaka, ife timati tsempho, matenda ndi amodzi ndipo mankhwala ake amadziwika. Sagwira ntchito mwini kulakwa asanavomere. Choncho tikufuna zinthu ziwiri. Mulembe ndi dzanja lanu kuti munachita. Mudulenso kansalu ku chovala chanu chamkati mutumize, tidzaviike m'mankhwala mwana amwe. Zikachitika zimenezi tsempho ladulidwa, ndipo jakisoni sangamuphenso. Ine ndemwe ndidzamunyamula kupita naye kuchipatala. Zisanachitike, mwanayu satuluka pamudzi pano.

Sitikufuna kukuchititsani manyazi. Amuna amalakwa paulendo, si inu oyamba. Koma mukauma mtima mwana n'kutisiya, mudzadziwe pokafikira, osati pakhomo pano.

Willard

Amalume andilola kulemba m'munsi muno. Bambo a Petulo, yankho lanu silinafike, sindikudziwa ngati kalata yanga munailandira. Ngati munachita, vomerani, sindidzakusiyani, ndikulonjeza. Ndingopempha mwana wanga. Doris.

Bangkok
21 Juni 1984

Amalume a Willard,

Moni. Kalata yanu ndailandira lero ndipo ndamva zonse.

Ndikuvomera. Ndinalakwa ndi mkazi kuno, nthawi ya tchuthi cha mu Epulo. Ndalakwira mkazi wanga, mwana wanga ndi mudzi wonse. Kansalu kali m'kalata momwemu.

Ndachita mbali yanga. Ndikukupemphani ndi maondo pansi, chitani mankhwalawo tsiku lomwe ino yafika, ndipo dzuwa lisanalowe mwana akhale ali kuchipatala monga mwalonjeza. Mlandu wanga mudzaukambe ndikabwera, sindidzathawa.

Mkamwini wanu,
Ellard

Bangkok
21 Juni 1984

Doris wanga,

Iyi ndi yako wekha. Ndaitumiza kudzera kwa a Gilford a ku ofesi kwathu kuti akupatse m'manja, isawerengedwe pakhonde.

Kalata ndalembera amalume ndi yabodza. Sindinachite. Zimene ndinakuuza pa 28 Meyi ndizo zoona, ndipo ndidzafa nazo. Koma ndawerengera masiku. Ndikakana, kalata ipita milungu itatu, amalume ayankha milungu itatu, ndipo Petulo alibe milungu isanu ndi umodzi. Ngati bodza langa ndilo lingatsegule njira ya kuchipatala, alitenge. Dzina langa lidzachira, mwana sadzuka kawiri.

Nditaponya kupositi kalata yopita kwa amalume sindinabwerere kusukulu. Ndinalowa m'kachisi wina waung'ono pafupi ndi positi, wopanda alendo ojambula zithunzi. Munali mayi wina atagwada, khanda lili pamiyendo, akulankhula motsitsa ndi fano lija. Chinenero chake sindinamve, koma nkhope yake inali yako. Ndinakhala pansi kumbuyo kwake n'kunena Atate Wathu, kenako ndinalira ngati mwana. Palibe anandithamangitsa. Wansembe wina anangondiikira kapu ya madzi pambali n'kuchoka.

Chakudya sichikulowanso. Mzinda wonsewu ndi golide wake ndingaupereke kuti ndimve kuti Petulo wayamwa. Usandide ukamva kalata inayo. Udziwe kuti yoona ndi ino.

Ellard

Nkope
24 Julayi 1984

Bambo a Petulo,

Moni. Ndiyambe ndi chimene mukufuna kumva. Petulo ali moyo. Ali pamiyendo panga pano, akuyamwa ngati akubweza ngongole ya miyezi iwiri, ndipo kutupa kunatha.

Kalata yanu ya pa 28 Meyi, yondiuza kuti ndipite naye kuchipatala, inafika pa 18 Juni. Ndinayenda nayo m'chitenje masiku atatu, kuiwerenga, kuyang'ana mwana, kuyang'ana mayi. Lachinayi m'mawa mayi anapita kumaliro kumudzi wa kumtunda, amalume ali kugombe akusoka ukonde. Mwana anali atasiya kulira. Ndinamubereka, kutenga khadi la chipani poopa achiyufi a pasiteji, n'kuimitsa lole ya nsomba yopita kuboma. Ndinakhala pamwamba pa madengu a utaka, mwera ukuwomba, njira yonse dzanja lili kumsana kumva ngati akupuma.

Anamwino anandikalipira, ndipo anali ndi chifukwa. Anati malungo amumaliza magazi, chibayo n'kulowa pamwamba. Pamene ankamubaya ndinatseka maso, ndinkadikira kuti afere m'manja mwanga monga ananenera mayi. Madzulo anafika, akupumabe. Magazi anachotsa mwa ine n'kumuika. Tinakhala kumeneko milungu iwiri. Mayi ananditsatira tsiku lachiwiri ndi phala, osandilankhula, koma usiku wonse ndiwo ankamufunditsa.

Titabwerera kumudzi, kalata yanu ya kwa amalume inafika. Anaitana abale onse, ndi ankhoswe omwe, n'kuiwerenga mokweza pabwalo la nyumba, kansalu kali pambale. Atafika pa "Ndikuvomera," ine makutu anatseka. Kenako amalume anati, "Tiyeni tione tsiku limene analemba." Anawerenga pamwamba pa pepala, 21 Juni. Mayi anafunsa, "Nanga iwe unathawa ndi mwana liti?" Ndinayankha kuti pa 21. Mayi anawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Mwamva nonse. M'mawa bambo anavomera, madzulo jakisoni anakana kupha." Palibe anatsutsa.

Kalata ina ija, yolembera ine ndekha, inagona m'kabati mwa a Gilford, anali kwawo ku Ntcheu, ndipo anandipatsa patapita sabata ndi masiku. Masiku amenewo ndinali mkazi wa mwamuna wachigololo. Amayi a pamudzi ankabwera kudzandipepesa, ena kudzaona nkhope yanga. Chithunzi chija ndinachiponya pamoto. Ndinakudani, bambo a Petulo, ndinakudani, ndipo ndinkayang'ana mwana n'kumati bambo ako ankafuna kukupha chifukwa cha mbale ya mpunga. Kenako a Gilford anabwera panjinga. Ndinawerengera kuseri kwa nkhokwe, n'kulira kulira kwina kosiyana ndi koyamba.

Kalatayo sindinaonetse munthu. Ndikaonetsa, ndiye kuti munanamiza akuluakulu pa nkhani ya moyo wa mwana, ndipo adzati yabodza ndi yachiwiriyi, yonyengerera mkazi. Mwavomera pamaso pa mudzi, ndipo pamudzi pano zidzakhala choncho mpaka tidzakalambe. Petulo adzakula akumva kuti anatsala pang'ono kufa chifukwa cha bambo ake. Ndayesa kuganiza njira yochotsera zimenezi, sindikuipeza.

Ndiye mudziwiretu zimene zikukudikirani mu Seputembala. Mlandu suola. Ankhoswe adzakhala pansi tsiku lotsatira mutafika, ndipo akuti mudzalipira mbuzi. Mukadzatsika basi musadzathamangire kunyamula mwana, mayi sadzalola mpaka nkhani itatha. Mudzangomuona ali kumsana kwanga. Ine ndidzakhala pamphasa nditaweramitsa mutu, ndipo akadzandifunsa ngati ndakukhululukirani ndidzati inde.

Mwana mwamugula ndi dzina lanu pamene anali atachira kale, ndipo ndikaganiza zimenezo mtima umandipweteka chifukwa cha inu. Ndikukhulupirira kuti simunachite. Masana ndimakhulupirira ndi mtima wonse. Koma anthu akadzabalalika tikadzatsala awiri, mudzandiyang'ane m'maso mundiuze ndi pakamwa panu kalata yoona ndi iti, chifukwa zonse ziwiri munalemba ndi dzanja limodzi, tsiku limodzi, ndipo zonse ziwiri ndinazikhulupirira.

Ndine mkazi wanu,
Doris